Chitseko pa Bokosi la Mayi Zala

9 Febuluwale

Amake ana,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, ana athu ndi amayi. Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugona, ndikuthamanga. Ndalemba papepala chifukwa pafoni sitilankhulana, timangolimbirana ndi ana, ndipo amayi amakhala atatchera khutu pakhomo. Dalaivala wa basi uja wavomera kumanyamula makalata, bola ndisamusenzetse makatoni.

Mwati amalume anu akufunsabe kuti ndi ntchito yanji yothamanga osapambana. Muwauze chonchi. Pa mpikisano wautali akatswiri safuna kulimbana ndi mphepo kapena kumangoyang'ana wotchi. Ndiye amatilemba ife kuti tizithamanga patsogolo pawo, kilomita iliyonse mphindi zake zomwezo, osachedwa, osafulumira. Tikakwanitsa makilomita 25 timapatuka n'kukhala m'mbali mwa msewu, iwo n'kupitirira kukatenga mendulo. Chifukwa cha msana wangawu, umene mumati umakulandani bulangete, anzanga amanditcha Chitseko. Katswiri wathu ndi kamunthu kochepa thupi, timangoti Nthenga, ndipo akabisala kumbuyo kwanga mphepo simupeza. Amalume akafunsanso mungoti mkamwini wawo ndi chitseko, nkhani ithe.

Kwabwera mayi wina wa fiziyo, wosamala minyewa ndi mitsempha ya othamanga. Bambo amene analipo kale ankagwira akatswiri okha, ife otsogolera ankangotiponyera thumba la ayezi tili pakhomo. Awa ayi, akuti mwendo ndi mwendo. Zala zawo n'zazifupi, koma zikalowa m'katumba umakumbukira machimo ako onse, ndiye tawapatsa dzina loti Mayi Zala.

Mpikisano waukulu uli mu Meyi. Otsogolera tilipo asanu ndi mmodzi, koma mphunzitsi wathu, a Wotchi, asankhapo atatu. Amene athamange mu Meyi ndi amene awasainire pepala la chaka china, otsalawo azipita kwawo. Asanasankhe, tonse tiyenera kukhoza mayeso a Mayi Zala, amene ayamba kumapeto kwa mwezi uno.

Kangachepe ndatumiza. Muyambe ndi mankhwala a amayi, kenako malata awiri a kukhitchini aja. Mlamu wanu asakwere padenga, amaboola pamene sipakudontha. Itanani mmisiri. Kuno sopo wakwera moti malaya ndikuchapa kawiri pa sabata basi.

M'mawa ndikatsika pabedi, kuseri kwa chidendene chakumanzere kumayamba kwauma gwa, koma ndikayendayenda pang'ono kumamasuka. Ndi kuzizira chabe.

Mundiperekere moni kwa onse.

Ine bambo a ana.

2 Malichi

Amake ana,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha kamng'ono chatha. Ine ndili bwino, kungoti tulo tikuvuta.

Mwafunsa kuti mayesowo ndi otani, ngati ndi olemba. Ayi mayi, akanakhala olemba bwenzi nditalephera kalekale. Chipinda cha Mayi Zala chili pansi pa masitepe a bwalo. Muli mabedi awiri achikopa okhala ndi bowo loikapo nkhope, firiji ya ayezi, malamba a labala opachika pamsomali, njinga yopalasa koma yosayenda, ndi bokosi lathabwa kufupi ndi zenera. Umaima ndi mwendo umodzi m'mphepete mwa bokosilo, zala ziwiri zitakhudza khoma, chidendene chili m'malere. Kachipangizo kena kamalira kuti ti, ti, ti, iwe n'kumanyamuka ndi zala za kuphazi, kukwera, kutsika, mpaka mwendo utakana. Kenako mwendo winawo. Ngati umodzi wakwera khumi, winawo usachepere pa zisanu ndi zinayi. Ukachepera, ndiye kuti muli matenda m'menemo.

Anayamba ndi mnzathu Chipewa, amene chipewa savula ngakhale posamba. Wakumanja anakwera ka 29, wakumanzere ka 19. Mayi Zala anamuuza kuti asaponde pabwalo masabata asanu ndi limodzi. Patapita masiku asanu tinabwerako kothamanga n'kupeza bedi lake lili mbee, matiresi atapindidwa, chikwama palibe. Palibe anatiuza kanthu, ndipo ife sitinafunse. Kuno munthu sufunsa za bedi la mnzako.

Ndimagona chipinda chimodzi ndi Mdala, wamkulu pa tonsefe, amene watsogolera akatswiri zaka khumi ndi ziwiri. Iye ndi amene anandiona ndikutsika pabedi mogwirira khoma. Anandiyang'ana nthawi yaitali akumanga zingwe za nsapato, kenako anati, “Iwe Chitseko, waona za Chipewa? Anthu awa akayamba kukulemba papepala, dziwa kuti akukulembera tikiti ya basi.”

Ndinati mwendo wanga ulibe kanthu.

Anati, “Usandinamize ine, ndimamva mmene umapondera. Tamvera. Mayiwa ndi achilendo, sadziwa kuti mwendo wako wabwino umakwera kangati. Iwo amangofananiza. Ndiye usalimbane ndi wodwalawo, sungaukakamize. Ugwire wabwinowo. Ukafika pamene wodwala angafike, unjenjemeretse bondo, upume mwamphamvu, utsike. Miyendo iwiri yofanana, nkhani yatha.”

Ndinamuuza kuti zimenezo n'zakuba ndipo ine sindingachite. Anangoseka n'kutuluka.

Koma dzulo ndinadziyesa ndekha pa sitepe ya kubafa. Wakumanja ndinasiya kuwerenga nditadutsa 30. Wakumanzere unafika 16, ndipo kuseri kwa chidendene kunali ngati andiikako khala la moto. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka wina anagogoda.

Za mbuzi ija musagulitse, idikire ibereke. Mtsikana wathu wamkulu mumugulire nsapato zokulirapo, phazi lake likuthamangira langa. Tsiku langa la pabokosi ndi pa 19. Muzindikumbukira m'mapemphero, koma amayi musawauze chifukwa chake.

Mwamuna wanu.

21 Malichi

Amake ana,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino.

Ndakhoza. Wakumanja 17, wakumanzere 16. Musandifunse zambiri za nambalazi, kalata yapita ija munawerenga ndipo sindinu mwana.

Chimene sindinkayembekezera ndi manyazi. Nditafika pa 14 ndinayamba kugwedeza bondo dala, n'kumapuma ngati ndakwera phiri. Mayi Zala anali kundilimbikitsa, amvekere, “Kamodzinso bambo, mungathe, kamodzinso.” Munthu akukuchemerera ndi mtima wonse iwe ukumunamiza, zimawawa kuposa mwendo. Kenako anandigoneka chafufumimba n'kutsina mtsempha wa kuseri kwa chidendene uja ndi zala ziwiri. Ndinalowetsa nkhope m'bowo la bedi n'kuyamba kuwerenga timizere ta pansi, mano nditakukuta. Anafunsa ngati zikupweteka. Ndinati zikungonyerenyesa. Anafunsa za m'mawa ndikamadzuka. Ndinati ndimadumpha ngati mbuzi.

Anayang'ana papepala, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti, “Chimunthu chonsechi, 17 basi? Miyendo yanu ndi yofanana, sindingakuletseni. Koma yonse iwiri ndi yaulesi. Tiikonza.” Tinaseka tonse awiri.

A Wotchi atchula mayina dzulo pa chakudya cha masana. Ndilimo, Mdala alimo, ndi wina wachitatu. Mdala anandiponda phazi pansi pa tebulo, mwamwayi linali lakumanja. Ndinayesa kusangalala koma chakudya chinandikanika.

Ndikangothamanga mu Meyi n'kusainiridwa pepala, ndidzapita ndekha kwa mayiwa kukawauza zonse, andipumitse mmene angafunire. Ndi masabata asanu ndi awiri okha. Mwendowu wandinyamula zaka 31, sungandikane pa masabata ochepawa.

Malata aja akhomedwa? Simunanenepo kanthu.

Ine wanu.

16 Epulo

Amake ana,

Ndathokoza kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti denga lasiya kudontha. Ine ndikuyenda.

Mwalemba masamba awiri onse kuti ndikawauze mayiwa lero lomwe. N'zosavuta kulemba zimenezo muli pakhonde mwendo uli pa unzake. Ndikawauza, mudzaika chiyani m'mbale za anawo mu Juni? Ndibwere ndidzakhale pamsika ndizinyamula matumba a anthu ngati kale? Pepani, ndalankhula mokalipa. Sindifufuta chifukwa pepala ndi lomweli, koma dziwani kuti si inu amene ndakwiyira.

Zinthu zapita kumene sindinaganize. Paja anati miyendo yanga ndi yaulesi. Ndiye andilembera ntchito yolimbitsa miyendo yaulesi. Katatu pa sabata ndimavala chovala chothira mchenga m'matumba, kukwera pabokosi, kudumphira pansi ndi mwendo umodzi, n'kudumphanso nthawi yomweyo. Khumi kumanja, khumi kumanzere, kupuma, kubwerezanso. Tsiku lina ndinawamva akuuza mtsikana wina wothamanga kuti mtsempha wotupa sadumphitsa, amayamba kuusenzetsa pang'onopang'ono munthu ataima malo amodzi. Ine ndinali pomwepo pabokosi ndi mchenga wanga. Mankhwala akundipatsa ndi abwino, koma ndi a munthu amene ndinawauza kuti ndine, osati a ineyo.

Pamtsempha patuluka kachotupa ngati njere ya mtedza. Ndimavala masokosi awiri, ndipo akafuna kundigoneka pabedi ndimati a Wotchi akundidikira. M'mawa ndimadzuka anzanga asanadzuke kuti nditsike masitepe chobwerera m'mbuyo popanda wondiona. Mapiritsi ndimagula pa kasitolo ka kuseri kwa depoti, ndinayamba ndi awiri, pano ndi anayi. M'mimba mukuotcha. Mdala akuti zimatero, iye wathamangapo ndi zoposa pamenepa. Ndinamufunsa ngati iyenso anadumphapo ndi mchenga. Anangopitiriza kumanga zingwe za nsapato.

Lachinayi lapitali ndinatsala ndekha ndi Mayi Zala. Anali kupukuta bedi, ndipo osandiyang'ana anati, “A Chitseko, mukutera ndi phazi lonse kumanzereku. Pali chimene mukumva? Ngakhale kakhale kakang'ono, mundiuze. Ine ntchito yanga si kuthamangitsa anthu.”

Munalibe wina aliyense m'chipindamo. Palibe anagogoda, palibe foni inalira. Mawu anafika pakhosi penipeni. Ndinati, “Zikomo mayi, ndi nsapato yatsopanoyi.” Ndinatuluka ndikudzida.

Kwatsala masiku 24. Ndimawerenga m'mawa uliwonse. Pothamanga, makilomita atatu oyamba amakhala a misozi, kenako mwendo umatentha n'kukhala chete, ndipo ndimaiwala. Nthenga akuti sanathamangepo kumbuyo kwa munthu wosunga liwiro ngati ine. Mawu amenewo andisunga sabata yonse.

Mbuzi ikabereka, mwana wake woyamba ndi wa mtsikana wathu wamkulu, ndinamulonjeza. Amayi muziwakumbutsa mapiritsi, amabisa pansi pa pilo.

Bambo a ana.

24 Meyi

Amake ana,

Ndikudziwa kuti mwakhala mukuimba. Foni ndinazimitsa ndine. Ndili moyo, musaope. Ndikulemba mwendo uli pa mapilo atatu, ndiye zilembo zikhala zokhota.

Mtsempha uja unaduka pa kilomita 19. Tinali bwinobwino, mphepo ikuchokera kutsogolo, Nthenga ali kumbuyo kwanga moti ndinkamva mpweya wake pakhosi. Ndinangomva kuti phwa, ngati wina wandimenya ndi thabwa kuseri kwa mwendo. Ndinacheuka kuti ndione wandimenya ndani. Panalibe munthu. Nditati ndiponde, phazi linangolendewera ngati si langa, n'kugwa. Nthenga anandilumpha. Ena anandizungulira mbali iyi ndi iyo, nsapato zokhazokha kudutsa pafupi ndi nkhope yanga, kenako msewu unangoti zii. Ndinadzikwawira ndekha kupita m'mbali kuti gulu lachiwiri lisandiponde.

Anandisoka patapita masiku atatu. Adokotala akuti mtsemphawo unali utanyenyeka kale ngati chingwe cha pachitsime, ndipo anavutika kupeza pogwira ulusi. Anafunsa kuti unayamba liti kupweteka. Mayi Zala anali ataima kumiyendo kwa bedi. Ndinati sunapwetekepo.

Mayiwa amabwera tsiku lililonse akaweruka. Maso awo alowa m'kati. Abwana a ku ofesi anawaitana kuti afotokoze chifukwa chimene anandilolera kuthamanga, ndipo anapita ndi mapepala awo onse. Dzulo anandiuza kuti, “Ndabwereza nambala zanu kambirimbiri, sindikuona pamene ndinaphonya. Mwina ndi kudumpha kuja. Ndinakusenzetsani msanga. Mundikhululukire.” Mayi wamkulu ngati ameneyo kupepesa kwa ine. Ndinatembenukira kukhoma n'kunamizira tulo.

A Wotchi anabwera kamodzi ndi malalanje. Za pepala la chaka china sanatchule, inenso sindinafunse. Lakale likutha mu Ogasiti, ndipo mpaka pamenepo gulu lathu lindisamala. Mdala sanabwere. Anatumiza chaja ya foni ndi mswachi.

Amayi muwauze kuti ndabzungunyuka bondo pang'ono. Ana musawauze kanthu. Mwezi uno sinditumiza, mugulitse mbuzi yaimuna ija.

Munanena, mayi. Musabwerezenso m'kalata, ndikudziwa kuti munanena.

Ine.

3 Julaye

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndamva kuti amayi anadwala sabata yatha, ndikhulupirira pano apezako bwino. Ine ndatuluka m'chipatala kalekale, ndabwerera kuchipinda chathu. Ndimavala chijombo cholimba chofika m'bondo, ndipo ndimayenda ndi ndodo ziwiri. Bedi anandisinthira pansi chifukwa masitepe sindingathe.

Chipewa wabwera.

Ndinali pabenchi panja ndikuwotha dzuwa pamene ndinaona chipewa chija chikulowa pageti, chikwama kumsana. Ndinkayesa ndikulota. Anandikumbatira, n'kuyang'ana chijombocho, n'kupukusa mutu. Ndinati, “Aise, si anakuchotsa iwe?” Anadabwa. Akuti bambo ake anamwalira mwadzidzidzi, uthenga unafika ife tili kothamanga, a Wotchi anamuperekeza okha ku basi. Matiresi anapinda ndi woyeretsa. Mayi Zala anamupatsa malamba a labala ndi pepala la zochita tsiku ndi tsiku, ankamuimbira Lolemba lililonse, ndipo malo ake anamusungira chifukwa anapumitsidwa ndi fiziyo, sanalephere yekha. Masabata asanu ndi limodzi pa lamba ndi panjinga, basi. Anachedwa kubwera chifukwa cha za maliro ndi munda wa bambo ake.

Masabata asanu ndi limodzi, amake ana. Ndinakhala pabenchipo mpaka dzuwa linachoka, ndikumva kuzizira koma osatha kunyamuka. Anthu asanu akuluakulu tinaona bedi lopanda munthu n'kugwirizana tokha chimene chachitika, popanda mmodzi wotsegula pakamwa kufunsa. Madzulo ndinamuuza Mdala. Anati, “M'masiku athu zinkatero.” Ndinafuna kumugenda ndi ndodo, koma ndikanayenda ndi chiyani?

M'mawa mwake ndinapita kwa Mayi Zala monga mwa masiku onse. Mwendo wodwalawo amangousisita kuzungulira chilonda ndi kundiuza ndigwedeze zala. Kenako anati tisaiwale wabwinowo, ungafooke ndi kukhala. Anandiimika pabokosi ndi wakumanja, chijombo chili lende, kachipangizo kaja n'kuyamba kulira. Bokosi lija lili pazenera, ndipo pazenerapo umaona bwalo lonse. Chipewa anali patsogolo, Nthenga atabisala kumbuyo kwake, pamalo panga penipeni. Ndinkangowayang'ana akuzungulira, mtima ukuwira, ine n'kumakwera, kutsika, kukwera, kutsika. Mutu wanga sunali m'chipindamo.

Ndinadzidzimuka nditazindikira kuti mayiwa asiya kuwerenga mokweza. Kachipangizo kokha ndi kamene kankalira. Ndinaima.

Anati, “33.”

Ndinachotsa maso pazenera n'kuwayang'ana.

“Mwakhala pabedi masabata asanu ndi awiri, mwendo uwu waonda, ndipo wakwera ka 33. Mu Malichi, muli pa mphamvu zanu zonse, unakwera ka 17.” Anazimitsa kachipangizo kaja. “Unayamba liti kupweteka winawo?”

Ndinati mu Januwale.

Anakhala pansi pa kampando kawo. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anati, “Ndinakudumphitsani ndi mchenga kwa mwezi wathunthu. Munkandiyang'ana m'maso tsiku lililonse.” Ndinayamba kufotokoza za Chipewa, za bedi, za inu ndi ana, koma anakweza dzanja. Anati pepala limene ndinasaina pobwera limanena kuti wobisa kuvulala gulu silimusamala. Akapita nayo nambala imeneyi ku ofesi, iwo ayera, koma ine chithandizo chithera pomwepo, ndipo mwendo ukangosiyidwa pa nthawi ino ndidzakhala wokoka phazi moyo wonse.

Anatenga cholembera. Ndinaona ndi maso angawa akulemba 17.

Kenako anati, “Tsikani bwino, gwirani ndodo. Mawa nthawi yomweyi.” Kuyambira tsiku limenelo amandigwira mwendo mofatsa ngati kale, amandiuza zochita, koma nthabwala zinatha ndipo dzina loti Chitseko sanalitchulenso. Amangoti bambo.

Sindikudziwa choti ndikulangizeni za pakhomo mwezi uno. Chitani mmene mukuonera.

Mwamuna wanu.

18 Ogasiti

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo zikomo kuti simunandinene. Ndaiwerenga kanayi.

Ndikubwera. Basi inyamuka Lachiwiri pa 26, ifika kumeneko Lachinayi cham'mawa ngati sitichedwa panjira. Pepala sanasaine. A Wotchi anandiitana mu ofesi, anandigwira chanza ndi manja awiri, anati ndinali wosunga liwiro wabwino. Anati ndinali.

Chijombo ndavula. Mwendo watuluka wowonda ngati wa mwana, khungu likusupuka, chipsera chake n'chotalika ngati chikhatho changa. Ndikuyenda ndi ndodo imodzi, motsimphina. Lachisanu Mayi Zala anandiimika komaliza, osati pabokosi, pansi pomwe, manja onse atagwira khoma. Anati ndinyamuke ndi wakumanzere wokha. Ndinauuza mwendo kuti kwera. Thukuta linatuluka, koma chidendene sichinachoke pansi ngakhale polowa pepala. Anati pa miyezi itatu zimenezo si zachilendo. Ndinawafunsa mosazungulira ngati ndidzathamangenso. Anati kuyenda ndidzayenda bwino ndikalimbikira, ndipo pakatha chaka mwina ndidzatha kuthamangira basi ikandisiya. Koma makilomita 25 patsogolo pa katswiri, ayi. Mtsempha anausoka wotalikirapo chifukwa unali wonyenyeka, ndipo mphamvu yokankha ija sibwerera yonse. Anati, “Sindikunamizani, bambo.” Ndinamva pamene mawuwo analoza.

Andipatsa malamba atatu a labala, wofiira, wobiriwira ndi wakuda, ndi mapepala asanu ojambula zochita sabata ndi sabata mpaka chaka chamawa. Alemba ndi dzanja lawo, zilembo zikuluzikulu. Potsanzikana ndinati ndipepese bwinobwino, ndinakonzekera mawu kwa masiku atatu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, “Musadumphe tsamba. Likakhala losavuta, muchitebe.” Ndamva kwa woyeretsa kuti nawonso achoka kumapeto kwa chaka. Sindinafunse chifukwa chake, ulendo uno chifukwa ndikuchidziwa.

Mundipezere thabwa lolimba, lotalika ngati mkono, ndi njerwa ziwiri. Pa mzati wa khonde mukhome msomali waukulu m'munsi, womangapo lamba. Amayi muwauze zoona tsopano, asadzakomoke pondiona. Za ntchito tidzakambirana ndikafika. Ndaganiza zambiri koma palibe chimene ndingalembe.

Mwati mtsikana wathu wamkulu wauza kalasi yonse kuti bambo ake akabwera adzathamanga nawo pabwalo la sukulu, ndipo aphunzitsi avomera. Ndawerenga pamenepo n'kuika kalata pansi. Ndalira, mayi, sindibisa. Chipewa anandipeza ndikulira, anangotseka chitseko n'kubwerera.

Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi. Ana musabwere nawo kokwerera basi. Apite kusukulu monga mwa masiku onse, musawauze tsiku. Mubwere nokha ndi munthu wa njinga yamoto wonyamula chikwama. Tikafika mundiikire mpando pakhonde, ndodo muibise pansi pa bedi, ndivale thalauza lalitali. Akamabwera masana andipeze nditakhala, ndiwanyamule pamiyendo onse awiri, ndiwafunse za sukulu, ndiwapatse zimene ndawagulira. Akati tiyeni kubwalo, mudzati bambo atopa ndi ulendo.

Ndikudziwa kuti m'mawa mwake adzandiona ndikuyenda. Ndikungopempha tsiku limodzi lokha.

Ine bambo a ana.